Theka la Nyimbo ya a Genti

Sunthirani kuno, ndipo iwe uli ndi foni m'manjawe uyiike m'thumba. Nkhani iyi si yojambula ayi.

Kumapiri a ku Dedza uko kuli sukulu ina ya aphunzitsi, dzina lake tilisiye. Chaka ndi chaka, mwezi wa Seputembala, ophunzira akapita kutchuthi ndipo mitengo ya m'phiri ikayamba kutulutsa masamba ofiira aja, pasukulupo pankachitika Chikondwerero cha Mphukira. Kunkabwera a ingoma, a malipenga, amayi a chimtali, a beni ndi mayunifolomu awo othina m'khwapa. M'mawa kunkakhala makalasi, wofuna ng'oma kwake, wofuna bangwe kwake. Masana magule pabwalo la mpira. Dzuwa likapendeka oimba ankakwera papulatifomu, zokuzira mawu zili pokopoko mpaka kumsika.

Chaka chimene ndikunenachi anaitana a Genti Semba, woimba ulimba wa ku Nsanje. Kwa inu amene simunauonepo, ulimba ndi matabwa oyalidwa mondondozana, kunsi kwake atapachikako zipanda, ndipo amauimba ndi timitengo ta mphira kumutu. A Genti anabwera ndi mng'ono wawo Zuze, woimba kumatabwa a mawu aakulu, komanso akazi awo a Ezelina, eni ake mawu. Amayi amenewo akatsegula pakamwa, ngakhale wakuba ankaiwala chimene wadzera. Ana awo, kuyambira Nesi wachisamba, anali atakula n'kuchoka pakhomo, koma a Genti sankadya akazi awo asanakhale pansi, moti anzawo kumudzi ankawaseka kuti anadya kondaine. Iwo ankangoti, "Ngati ndinadya, anaphika bwino."

Lachinayi m'mawa kalasi ya ulimba inadzaza. Munali aphunzitsi, anamwino, anyamata a m'tauni a tsitsi lopota, ndi azungu angapo atakhala mopinda miyendo. A Genti anawaphunzitsa nyimbo ya ukwati, kenaka ya pamowa, zonse zikuyenda bwino. Ndiye munalowa Mayi Chidothi, mkulu wa chikondwererocho, mayi woyenda mothamanga nthawi zonse, foni ili m'manja.

"Aphunzitsi," anatero, "pali nyimbo ina ya kwanu imene wina ananditumizira. Sindigona nayo tulo. Imeneyi ndiye mutiphunzitse."

Anaiyatsa. Isanapite patali, Zuze anaika timitengo take pansi.

Inali Bwerani Mudzatenge. Kumudzi kwa a Genti nyimbo imeneyi imaimbidwa pamaliro pokha, ndipo ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi yoitana akale, amene anatsogola, kuti abwere adzatenge m'bale wawo. Mbali yachiwiri ndi yoperekeza: wotsogolera amatchula dzina la womwalirayo, gulu n'kuvomera kuti pitani naye, akale aja n'kunyamuka ndi munthu wawo. Yoyambayo ndi yokoma mochititsa nthumanzi. Yachiwiriyo siingaimbidwe popanda dzina.

"Bambo a Nesi, imeneyo ayi," a Ezelina ananong'ona. "Pano palibe maliro."

"Aa, mayi," anatero Mayi Chidothi akuseka, "chikhalidwe chathu tikamachibisa chifa. Ndipotu ndikufuna Loweruka madzulo mudzatitsekere chikondwerero ndi nyimbo imeneyi, inuyo ndi ophunzira anuwa."

Kutsekera chikondwerero! Muwamvetse a Genti. Moyo wawo wonse anaimba pamaliro ndi pamowa, fumbi lili m'maso, zidakwa zikuwatayira mowa pamatabwa. Palibe anawatchulapo kuti aphunzitsi. Lero anthu ovala bwino ankawagwadira powapatsa moni. Mutu unakula, abale, tisabise.

"Make Nesi," anatero motsitsa mawu, "akale a kwathu ali kuchigwa. Ndani mwa iwo angakwere mapiri onsewa, kuzizira kumeneku? Sangamve n'komwe."

Zuze anadzuka n'kutuluka. Koma a Ezelina anali asanawakanirepo amuna awo pagulu. Anawayang'ana kanthawi, n'kukonza mpango kumutu, n'kuyamba:

"Bwerani akwathu, mphasa tayala, bwerani mudzatenge."

Namwino wina anagwetsa misozi osadziwa chimene akulirira. Anabwereza, anabwerezanso, mpaka onse anaigwira, mafoni ali m'mwamba ngati akuyanika zovala. Kenaka belu la chakudya linalira, anthu n'kubalalika.

Pofika masana nyimbo ija inali paliponse. Pamzere wa chakudya wina ankaiimba ndi mluzu. Ophika ankaiimba potsuka mapoto. Kuseri kwa zimbudzi foni ina inkaibwereza yokha, mawu a Ezelina akuitana, akuitana, osaperekeza. A Genti ankangomwetulira anthu akawaloza.

Chodabwitsa choyamba anachiona mlonda wa pageti. A Genti anamupeza akukoka nthambi zaziwisi pamsewu akutukwana.

"Pali wina akundiyesa chitsiru," anatero mlondayo. "Ndikachotsa, ndikatembenuka, zabwereranso. Onani anthu akutsika panjinga, azibambo akuvula zipewa. Aminibasi akudutsa pang'onopang'ono, wailesi atazimitsa. Akuyesa pano pali maliro!"

Nthambizo zinali zitayalidwa modutsa msewu, kumtunda kwa geti ndi kumunsi kwake, mwadongosolo, monga amachitira anthu odziwa mwambo. A Genti anati mwina ndi ana osewera. Mlonda anati ana a kuno amaopa zimenezo.

Atabwerako ku magule madzulo, a Genti ndi akazi awo anapeza katundu wawo yense ali pakhonde la chipinda chimene anawapatsa: mipando, zikwama, ndowa, ngakhale kathebulo. Chitseko chinali chokhoma, kiyi ali m'thumba mwa a Genti. Atatsegula, anapeza mabedi atakankhidwira kukhoma, ndipo pakati penipeni panali patayalidwa mphasa imene ankaikapo ulimba. M'chipindamo munkamveka fungo la matope a kumtsinje, fungo la kwawo, lofunda, losayenera kupezeka kumapiri.

A Ezelina anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Bambo a Nesi, mapazi anga akuzizira."

Kutacha Lachisanu sanadzuke. Namwino wa m'kalasi uja anabwera, anawayeza malungo, anawagwira pamphumi, anawamvetsera mtima. "Palibe chimene ndikuchipeza," anatero, "koma thupi lawo lazizira ngati agona panja." A Genti anawafunditsa mabulangete onse, awo ndi a Zuze omwe, n'kuthamangira kumsika kukagula mankhwala a mutu, poti munthu ukasowa chochita umagula mankhwala a mutu.

Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, anakumana ndi mkulu wina pamsewu. Anavala jekete lakale lothimbirira, wopanda nsapato, miyendo ili mbuu ndi fumbi lotuwa, osati lofiira la ku Dedza. Chipewa chinali chitatsika mpaka pamphuno. Mkuluyo anaomba m'manja mwaulemu, ndipo atalankhula, kalankhulidwe kake kanali ka kuchigwa.

"Pepani bambo. Kodi siwa ili kuti?"

"Kuno kulibe maliro, agogo. Kuli chikondwerero."

"Oo." Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Koma tamva kuitana. Atiitana kwambiri. Chiyambire sanatiitanepo chonchi."

M'tchire kumbuyo kwa mkuluyo udzu unkagwedezeka popanda mphepo, ndipo a Genti anamva kukhosomola kwa mayi wokalamba, kenaka wina kumina. Sanayang'aneko. Anangoona mapazi awo okha akuyenda.

"Musavutike," mawu aja anawatsatira kumbuyo. "Tidikira. Ife sitifulumira."

Masana amenewo, amayi a chimtali akutimba fumbi pabwalo, anthu anayamba kuona kagulu kena pansi pa mtengo wa mbawa, kumapeto kwa bwalo. Azibambo anakhala mbali yawo, azimayi mbali yawo, miyendo atatambasula, mitu atazyolika. Sankaomba m'manja. Sankayang'ana n'komwe magule. Onse ankangoyang'ana kunyumba yogona alendo. Aliyense ankayesa ndi gulu lovina limene likudikira nthawi yake. Ophika anawatengera chakudya, koma anabwerera nacho chili chomwecho, ndipo mtsikana amene ananyamula beseni anati sadzapitakonso, osanena chifukwa chake.

"Aphunzitsi, gulu lija ndi la kwanu?" anafunsa Mayi Chidothi. "Sindikukumbuka kuti ndinaliitana."

"Mayi, uzani anthu aleke nyimbo ija," anatero a Genti. "Afufute m'mafonimo. Chonde."

"Aleke? Bambo, nyimbo yanu yafika kale ku Lilongwe! Anthu akubwera mawa chifukwa cha inu." Anawasisita paphewa n'kuthamangira kwina.

A Genti anayesa okha. Anayenda kalasi ndi kalasi, akupempha, akugwada kumene. Ena anaseka, kuyesa ndi nthabwala za akuluakulu. Ena anavomera mwaulemu, iwo atangotembenuka mluzu n'kuyambiranso. Mungatseke bwanji pakamwa pa anthu mazanamazana amene akondwa?

Atabwerera kuchipinda anapeza a Ezelina atatsika pabedi. Anagona chagada pamphasa ija, manja ali m'mbali.

"Make Nesi! Wakuika apa ndani?"

"Pabedi sipakugoneka," anayankha ndi timawu tating'ono. "Ndine ndinaitana, bambo a Nesi. Mawu amene akuwadziwa ndi anga."

A Genti anawanyamula n'kuwabwezera pabedi. Anapita kukatunga madzi. Pobwera anawapezanso pamphasa.

Loweruka m'mawa kuzizira kuja kunali kutafika m'chiuno. Pansi pa mbawa panali patadzaza, ena atakhala mpaka padzuwa, ndipo mbalame zimene zinkasokosa mumtengomo zinali zitasamuka. Namwino uja anaumirira kuti apite nawo kuchipatala, ndipo Mayi Chidothi anapereka galimoto yawo. Poti a Ezelina sankatha kuima, azibambo angapo a m'kalasi anagwira mphasa m'makona n'kuwanyamula momwemo. A Genti anatsogola kukatsegula chitseko.

Mutu wa mphasa utangotulukira pakhonde, gulu lonse la pansi pa mbawa linaimirira. Onse pamodzi, popanda wolankhula. Azimayi anayamba kumanga zitenje m'chiuno.

"Bwezani!" anakuwa Zuze, akuthamanga kuchokera kumpopi. "Bwezani m'nyumba! Simukuona mmene mwawanyamulira?"

Azibambo aja anabwerera chambuyo mwamantha, osamvetsa. Mphasa itangolowa, gulu lija linakhalanso pansi, pang'onopang'ono. Mmodzi mwa onyamulawo, mphunzitsi wa ku Zomba, anayang'ana kumtengo, anayang'ana a Genti, n'kupita kukalongedza chikwama chake. Sanatsanzike munthu.

Abale awiriwo anakhala pakhonde.

"Zuze, tichite chiyani?"

"Mukundifunsa ine, achimwene? Ine ndinatuluka m'kalasi muja."

"Ndikudziwa. Ndalakwa. Koma ndiuze."

Zuze anapukuta nkhope ndi chipewa. "Anthu aja sabwerera chimanjamanja. Inu mukudziwa kuposa ine. Alamu atsala pang'ono. Mukapanda kuimba mbali yachiwiri awatengabe, kungoti apita opanda wowaperekeza."

"Bwanji titchule dzina la munthu amene anafa kale?"

"Amene anafa kale ali pansi pa mtengopo. Mukufuna muwapatse munthu amene ali naye?"

"Nanga tigule mbuzi, tiipatse dzina?"

"Achimwene, akale si ana."

Pabwalo a malipenga anali atayamba kuyeserera. Ndiye a Genti anaona Mayi Chidothi akudutsa, atasenza mipando iwiri, thukuta lili kamukamu, ndipo maganizo oipa anawalowa. Si mayi ameneyu anabwera ndi foni yake? Si iyeyu anaumirira? Dzina lake analidziwa lonse, linalembedwa pa chikwangwani pageti. Kungolitchula kamodzi, gulu n'kuvomera, basi. Anawayang'anitsitsa mpaka maso anawawa. Mayiwo anatula mipando, anawaona, n'kubwera chothamanga.

"Ali bwanji amayi? Ndawaphikitsira phala, likubwera. Musadandaule za madzulo, mukafuna tisiye, tisiya."

A Genti anazyolika. Manyazi anawagwira mpaka m'mafupa. Mayi uyu sankadziwa kanthu. Amene ankadziwa, n'kunena kuti akale sangamve, anali iwo eni.

"Tiimba, mayi," anatero.

Zuze anawayang'ana. "Dzina la ndani?"

"Iwe udzangoimba kumatabwa ako."

Dzuwa litayamba kupendeka a Genti anasamba, anavala malaya oyera amene akazi awo anawasitira asananyamuke kumudzi. Anagwada pambali pa mphasa. Kuzizira kunali kutafika pachifuwa, ndipo mpweya unkatuluka pang'onopang'ono ngati wa mwana wa nkhuku. Anawagwira dzanja.

"Make Nesi, ndikupita kukaimba."

Milomo ya a Ezelina inagwedezeka. A Genti anawerama kuti amve.

"Mutchule bwino dzina langa. Musachite chibwibwi."

"Iwe gona," anatero a Genti. Anawakonza mpango kumutu, anaima pakhomo kanthawi akuwayang'ana, n'kutseka chitseko.

Bwalo linali litadzaza, anthu ena atakwera pamagalimoto. Kumadzulo kunali psuu, mapiri atayamba kuda. Ophunzira a kalasi ya ulimba anandandalika kumbuyo kwa a Genti papulatifomu, atavala zitenje zofanana, akumwetulira. Wolengeza anakuwa dzina la Nsanje, anthu n'kuimba mluzu. A Genti anaponya maso ku mbawa. Gulu lija tsopano linali litatembenuka. Kwa nthawi yoyamba linkayang'ana kupulatifomu.

Anayamba ndi mbali yoitana. Sanafunike kuphunzitsa munthu, bwalo lonse linkaidziwa. Mawu mazanamazana anakwera pamodzi, bwerani akwathu, mphasa tayala, ndipo mphepo yofunda inadutsa pabwalo, yonunkha matope. Agalu a kumsika anayamba kulira. Zuze ankaimba atatseka maso, misozi ikutsika.

Kenaka a Genti anakweza dzanja, ulimba n'kutsika mawu. Anakokera maikolofoni pafupi.

"Abale, nyimbo iyi ili ndi mbali ina imene sindinakuphunzitseni. Ndi yosavuta. Ine nditchula dzina. Inu mubwereze dzinalo, kenaka munene kuti, pitani naye. Mwamva?"

"Tamvaa!"

"Mwamphamvu, kuti amve onse."

"Eee!"

Anamenya matabwa, kayimbidwe n'kusintha, kukhala kolemera, koyenda pang'onopang'ono ngati anthu osenza katundu. Mantha anali nawo, abale, musaganize kuti analibe. Kanthawi kena anaganiza zongodzuka n'kuthawa. Koma anakumbuka dzanja lozizira lija. Anatsegula pakamwa.

"Uyu ndi Genti, mwana wa Semba!"

Timitengo ta Zuze tinagwa pansi. "Achimwene, ayi!"

Koma ndani akanamumva? Anthu anayesa woimba akudzitamanda, monga amachitira oimba onse, ndipo anakondwa nazo kwabasi.

"Genti mwana wa Semba! Pitani naye!"

"Uyu ndi Genti!"

"Genti! Pitani naye!"

Ankavina, abale. Ankaponda pansi, amayi akululutira, azungu aja akuomba m'manja mosemphanitsa. Zuze anayesa kulanda maikolofoni, koma nyimbo inali itachoka kale m'manja mwa a Genti, bwalo linkaiyendetsa lokha. Pansi pa mbawa anthu aja anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo, n'kuyamba kuyenda. Sankakankha munthu. Gulu linkangopatuka lokha pamene akudutsa, wina n'kudzikumbatira ngati wamva mphepo.

Apo ndi pamene a Genti anaona chitseko cha nyumba ya alendo chikutseguka. A Ezelina anatuluka. Anaima pakhonde atagwira mzati, akumvetsera zokuzira mawu zija. Kenaka anayamba kuthamanga, opanda nsapato, mpango utagwa, akuthamanga ngati mtsikana.

"Lekani! Musavomere! Lekani!"

Mawu awo anali atabwerera onse, amphamvu, omveka mpaka kupulatifomu. Anthu anawazindikira kuti ndi mayi wa nyimbo uja, anayesa akubwera kudzavina, ndipo anawapatsa njira akuwaombera m'manja, dzina la amuna awo lili pakamwa.

A Genti anaseka. Inde, anaseka, misozi ili m'masaya, poona mmene mkazi wawo akuthamangira. Mapazi awo anali atazizira kale. Kuzizirako kunkakwera msanga, kupyola mawondo, kupyola m'chiuno, koma manja anapitirizabe mpaka anamenya thabwa lomaliza.

A Ezelina anakwera papulatifomu n'kuwagwira manja onse awiri. Manja a mayiwo anali otentha.

"Bambo a Nesi, mwachita chiyani? Mwachita chiyani, inu?"

A Genti anafuna kuwauza kuti asalire, kuti wolakwa anali iwo kuyambira pachiyambi. Koma kumbuyo kwawo, pafupi penipeni ndi khutu, wina anaomba m'manja mwaulemu.

"Tiyeni, bambo."

Ndipo pabwalo ponse anthu ankakuwa kuti abwerezenso.